Dokotala Amene Ankafunsa Mtengo

A Dokotala Mpaweni tinawaika m'manda mwezi wathawu, ndipo pamaliro pawo panalankhulidwa mabodza angapo ndithu. Abusa anati anali munthu wofatsa. Wachibale wina, amene sindinamuonepo ku kiliniki ngakhale tsiku limodzi, anati anali munthu wosadziwa kukwiya. Ine ndinangoyang'ana pansi kuopa kuseka pamaliro. Ndinagwira nawo ntchito zaka zoposa makumi awiri, ine pazenera lopereka mankhwala, iwo m'chipinda choonera odwala, ndipo kufatsa kumene ankanenako sindinakuonepo. Anali mkulu wovuta, wamakani, wosachedwa kukalipa. Koma ndinawalira, ndipo mpaka pano mtima wanga sunakhale pansi.

Chimene chinandisautsa kwambiri tsiku limenelo si bokosi ayi. Anali bambo wina wokalamba amene anaima kunja kwa tenti, panyumba ya adokotala ku Sunnyside, chipewa chili m'manja, jekete yake yaikulu kuposa mapewa. Ndi a Alufandika, kalipentala wa ku Manja. Akazi awo anafa ziwalo mbali imodzi zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo mankhwala awo a BP ankachokera pazenera langa mwezi ndi mwezi, osalipira kalikonse, chifukwa adokotala analamula choncho. A Alufandika anandiyang'ana kamodzi kokha. Sanafunse kanthu, poti pamaliro safunsirapo zotere, koma funso lawo ndinalimva: nanga mankhwala a mwezi wamawa adzachokera kuti?

Kiliniki yathu inali ku Limbe, kuseri kwa mashopu a nsalu, m'kanyumba kakale ka zipinda zitatu ndi khonde. Adokotala ankafika isanakwane seveni koloko, atamanga tayi ngakhale m'nyengo yotentha, n'kuyamba ndi kusuzumira m'makona kuona ngati mwasesedwa. Chilankhulo chathuchi ankachitcha Chinyanja mpaka kumwalira kwawo. Ine ankanditchula ndi dzina la mfunda, Anambewe, ndipo ndinkadziwa mmene tsiku liyendere pongomva mmene alitchulira m'mawa.

Chimene ankadziwika nacho mu Limbe monse chinali kuuma kwa cholembera chawo. Kwathu kuno munthu akapita kwa dokotala wolipira amafuna atuluke ndi jumbo yodzaza: makapusozi, mankhwala amadzi a chifuwa, mavitamini, ndipo pamwamba pa zonse jakisoni, kuti akafika kunyumba akathe kunena kuti andithandiza. Kwa a Mpaweni munthu ankatha kutuluka ndi mzere umodzi wokha m'buku lake la kuchipatala. Ndikukumbuka mayi wina wa ku Chimwankhunda amene anabwera ndi chimfine. Atamuyeza malungo n'kupeza kuti alibe, anamuuza kuti akapume, azikamwa madzi ambiri, mutu ukavuta amwe panado.

"Adokotala, ndakwera maminibasi awiri kudzangouzidwa kuti ndikamwe madzi?" anatero mayiyo mokweza, mpaka anthu apakhonde anamva. "Kajakisoni kamodzi kokha, chonde."

"Jakisoni wa chimfine ndilibe, mayi. Ngati mwafunitsitsa kubayidwa, panjapo pali atelala, masingano ali nawo ambiri."

Mayiyo anatuluka akung'ung'udza ndipo sitinamuonenso. Otere analipo ambiri.

Mabwana a m'maofesi, amene kampani imawalipirira chipatala, ndiwo ankakangana nawo kwambiri. Wina anabwera tsiku lina, makiyi a galimoto akulira m'manja, n'kutchula yekha mankhwala amene ankafuna, odula kwambiri amene anamva kwa mnzake. Adokotala atamulembera akale, otchipa, bwanayo anaseka n'kunena kuti asaope mtengo chifukwa iye ali pa sikimu. Adokotala anamufunsa ngati sikimuyo ili ndi chiwindi ndi impso, poti amene akameze mapiritsiwo ndi iyeyo, osati sikimu. Bwanayo anakadandaula kwa anzake kuti ku Limbe kuli dokotala wamwano, ndipo sananame.

Ankakonda kunena kuti pepala la mankhwala ndi katundu, ndipo wolemba sasenza, amasenza ndi wodwala. Ankatinso mankhwala abwino ndi amene munthu akwanitse kugula mwezi uno, mwezi wamawa ndi mwezi winawo, osati amene achita kuwala m'mabuku. Wodwala shuga kapena BP aliyense ankamulamula kuti pobwera azitenga mankhwala onse a m'nyumba mwake, ngakhale ogula pa depoti kapena opatsidwa ndi mlamu. Ankawakhuthulira patebulo n'kuwaika m'timilumilu ngati wogulitsa tomato, uwu imwani, uwu siyani, uwu tayani m'chimbudzi. Kawirikawiri munthu ankabwera ndi mitundu isanu n'kubwerera ndi iwiri.

Ndiye panali chizolowezi chawo chimene chinkandinyansa ine. Asanalembe kanthu ankatsegula chitseko n'kukuwa, wodwala ali pomwepo: "Anambewe! Awa a shuga ndi zingati lero?" Ndikayankha, ankatembenukira kwa wodwalayo n'kumufunsa ntchito imene amagwira, ana amene ali pasukulu, ndiponso ngati ndalama imeneyo angaipeze mwezi uliwonse popanda kugonetsa ana ndi njala. Munthu akayankha mofulumira kuti aipeza, adokotala ankamuyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka munthuyo ayambe kunena zoona. Ena ankalira. Ena ankakwiya kuti awaulula umphawi pagulu, ndipo ndikuganiza kuti nthawi zina ankakhoza kukwiyako, chifukwa makoma athu anali opyapyala.

Ine ndi iwo tinakanganapo kwambiri pa nkhani imeneyi, ndipo sindibisa. Kiliniki ngati yathu siikhalira ndalama yoonera dokotala, imakhalira mankhwala. Dokotala akamalemba ochepa ndi otchipa, pazenera pamauma, ndipo pakauma pazenera malipiro amachedwa. Chaka china malipiro atachedwa miyezi iwiri yotsatizana, ndinalowa m'chipinda mwawo osagogoda.

"Adokotala, chilungamo chanucho n'chabwino, koma ana anga sadya chilungamo. Anzathu kumtundaku akuika diripi aliyense wolowa, ndipo akumanga nyumba zosanja."

"Pitani konko, Anambewe. Ndikulemberani kalata yabwino, ndinena kuti mumadziwa kuwerenga mapiritsi."

Tinatha sabata yathunthu tikulankhulana kudzera m'timapepala. Sindinapite. Chifukwa chake chinali chimodzi, ndipo tonse awiri tinkachidziwa, ngakhale kuti panalibe wochitchula.

Ndisawayeretsenso mopitirira. Makani awo anapwetekapo anthu. Mphunzitsi wina wachinyamata anabwera akutsokomola, iwo n'kumubweza ndi malangizo a madzi ofunda ndi mandimu. Anabweranso patapita masiku atatu, iwo n'kumubwezanso, akumukalipira kuti achinyamata alero sapirira. Chinali chibayo. Anakagonekedwa kuchipatala chachikulu masiku ambiri, ndipo mkazi wake anabwera kudzaima pakhonde lathu n'kunena mawu amene sindingawalembe pano. Adokotala anamvetsera onse ali chiimire, koma kupepesa sanapepese. Pakamwa pawo mawu amenewo ankatuluka movuta kwambiri.

Komatu sanabadwe ali otero. Zaka zoyambirira zimene ndinawadziwa, a Mpaweni ankakonda mankhwala atsopano ngati mwana ndi nsapato za Khirisimasi. Anyamata ogulitsa mankhwala a m'makampani ankafika Lachitatu lililonse ndi zikwama zawo, n'kusiya zolembera, makalendala ndi makalata oitanira kumisonkhano ya m'mahotela. Adokotala ankawerenga timapepala tawo mwachidwi, ndipo ankanyadira kuti odwala awo akumwa zimene akumwa anthu a kunja. Mitengo sankaidziwa ndipo sankafuna kuidziwa. Ankati dokotala amene amaganiza za ndalama polemba mankhwala wasanduka wamalonda. Nthawi imeneyo malipiro athu sankachedwa.

Mayi Alufandika, akazi a kalipentala uja, anabwera chakumapeto kwa masiku amenewo. Ankagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, mayi wathupi, wamawu aakulu, woimba kwaya kutchalitchi kwawo kwa Akatolika. Makolo awo anachokera ku Mozambiki kalekale, ndipo akapsa mtima Chisena chinkatuluka chokha. Ine ankanditcha achemwali. BP yawo inali itadziwika kale, ndipo ankamwa timapiritsi takale, totchipa, timene timakodzetsa pafupipafupi. Ndi chimene anadzadandaula. Mumsika chimbudzi chili kutali, n'cholipira, ndipo ukachoka pabenchi kasitomala amapita kwa mnzako. Adokotala anawamvetsa. Anawachotsa pa timapiritsi takaleto n'kuwalembera atsopano, piritsi limodzi patsiku, losakodzetsa. Mayiwo anathokoza mpaka kupinda maondo.

Atafika pazenera ndinawauza mtengo. Ndalama ya mwezi umodzi inali yoti munthu n'kugula thumba la chimanga n'kutsalako. Anatsegula kachikwama kawo, n'kukatsekanso.

"Achemwali, ndipatseni a masiku khumi. Otsalawo ndidzatenga belo likayenda." Kenako anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Koma adokotala musawauze. Anditenga ngati munthu, andilembera mankhwala a mabwana. Ndisawachititse manyazi."

Amene sanakhalepo pazenera la mankhwala sangamvetse kuti zimenezi zinali za tsiku ndi tsiku. Pamaso pa dokotala munthu wa kwathu kuno amangoti chabwino, zikomo. Sanganene kuti sindikwanitsa, poti kutero kuli ngati kukana mphatso ya munthu wamkulu. Zoona zimanenedwa pazenera, kwa mayi mnzako, motsitsa mawu. Ndipo lamulo losalembedwa linali lakuti za pazenera zimathera pazenera. Wopereka mankhwala sapita kukauza dokotala kuti zimene mwalemba sizinagulidwe. Ndinawawerengera mapiritsi khumi, n'kulonjeza kuti sindinena.

Sanabwere kudzatenga otsalawo. Anabwera mwezi utatha, tsiku loyezedwa, ndipo BP inali itakwera kuposa poyamba. Adokotala anawafunsa ngati akumwa mankhwala, iwo anati eee, akumwa tsiku lililonse. Pambuyo pake ndinadzadziwa kuti sankanama. Adokotala anaona ngati piritsi limodzi lachepa mphamvu, n'kuwonjezera mtundu wachiwiri, nawonso watsopano. Pazenera mtengo unakwera, ndipo mayiwo anatenga a masiku asanu ndi awiri. Mwezi wachitatu BP inali ikadali pamwamba, adokotala n'kuwonjezera mtundu wachitatu. Iwo akamawonjezera m'chipindamo, pazenera masiku ankachepa. Anthu awiri ankakokerana chingwe osadziwa, ndipo amene ankaona mbali zonse ziwiri ndinali ine ndekha.

Tsiku lina pa nthawi ya tiyi adokotala anabwera kudzaima pafupi ndi zenera langa, buku lalikulu lili m'khwapa. Anati magazi a mayi a kaunjika aja akuwasowetsa mtendere, mankhwala atatu amphamvu osatsitsa kanthu, mwina vuto lili mu impso, aganiza zowatumiza kukajambulidwa. Ndinagwira kapu yanga ndi manja onse awiri. Mawu anafika pakhosi, ndinawamva, koma ndinawameza pamodzi ndi tiyi. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinasunga lonjezo. Nthawi zina ndinkati ndinaopa kukalipiridwa. Zonsezo n'zoona, koma pali chachitatu chimene ndimachita nacho manyazi: mankhwala atsopanowo anali ndi phindu, ngakhale a masiku ochepa, ndipo sindinafune kukhala munthu woyambitsa nkhani yoti odwala sakuwakwanitsa.

Mayi Alufandika anagwa mumsika m'mawa wina akupachika madiresi. Anzawo anawanyamula kupita nawo kuchipatala chachikulu. Moyo unapulumuka, koma dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, ndipo pakamwa panapotoka.

Patapita masabata awiri a Alufandika anabwera ku kiliniki. Aka kanali koyamba kuwaona. Sanabwere kudzakalipa ayi, anabwera mwaulemu kudzafunsa kuti mwa mankhwala amene anatsala kunyumba, mayi apitirize ati. Anatulutsa kajumbo n'kukhuthulira patebulo la adokotala. Ine ndinali nditalowa kudzasiya mabuku, choncho ndinaona ndi maso anga. Munalibe piritsi lathunthu ngakhale limodzi. Munali zidutswa, zina theka, zina theka la theka, zosungidwa bwinobwino m'mabokosi atatu a machesi, mtundu uliwonse bokosi lake.

"Izi n'chiyani, bambo?" anafunsa adokotala.

"Ndinkawadulira ndine, adokotala," anayankha a Alufandika, ndipo m'mawu mwawo munali kakunyadira pang'ono. "Mayi akadula okha zinkanyenyeka. Ine ndili ndi kampeni kakuthwa kogwirira ntchito, ndiye ndinkayeza bwinobwino kuti zidutswa zifanane. Sanadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Amene ankabwera nawo ankakwana mwezi wonse."

Adokotala anayang'ana zidutswazo nthawi yaitali. Kenako, osatembenuka, anafunsa: "Anambewe, mayiwa ankatenga a masiku angati?"

Ndinanena zonse, mwezi woyamba, wachiwiri, wachitatu.  Ndinkadikira chiphaliwali, ndipo ndikanachilandira, chifukwa chinkandiyenera. Koma anangovula magalasi, n'kuwaika patebulo pafupi ndi mabokosi a machesi aja, n'kunena motsitsa ngati akudzilankhulira okha kuti safunsa anadya phula. Anawauza a Alufandika kuti asadzadulenso piritsi, ndiponso kuti kuyambira tsiku limenelo mankhwala a akazi awo azidzatenga kwa ife Lolemba loyamba la mwezi uliwonse, athunthu, osalipira. Masana amenewo anabweza odwala onse n'kutseka kiliniki.

M'mawa mwake ndinawapeza atakhala pampando wanga, kuseri kwa zenera. Anandiuza kuti nditsitse bokosi lililonse pashelefu n'kuwauza mtengo wake. Tinatha m'mawa wonse. Pa mabokosi ena ankandifunsa kawiri, poganiza kuti sanamve bwino. Lachitatu lotsatira anyamata a zikwama aja atafika, anawabwezera pakhonde, ndipo makalendala onse anatsika pakhoma. Munthu wa cholembera chouma uja, wokuwa pachitseko kufunsa mitengo, anabadwa sabata imeneyo.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti sanandikalipirepo pa nkhani imeneyi. Ankandikalipira chifukwa cha tsache loiwalika pakhonde, chifukwa cha tiyi wozizira, chifukwa cha kulemba kopindika, koma za mayi Alufandika ayi.  Kamodzi kokha, patapita zaka, tikutseka madzulo, ndinalimba mtima n'kuyamba kunena kuti ndikanalankhula tsiku la tiyi lija bwenzi mayi aja akuyenda. Anandidula. Anati tinali awiri, wina sanafunse, wina sananene, ndipo asandimvenso ndikudzitengera ndekha mlandu wa anthu awiri ngati kuti iwo ndi mwana. Ngakhale potonthoza munthu ankachita kukalipa.

Mayi Alufandika adokotala anawabwezera pa timapiritsi takale totchipa tija, n'kuwonjezerapo mtundu umodzi wokha, ndipo BP inatsika mwezi womwewo. Zinali zosavuta chonchi. Lolemba loyamba la mwezi a Alufandika ankafika m'mawa, n'kukhala kumapeto kwa benchi la pakhonde mpaka nditawaitana. Loweruka lomaliza la mwezi adokotala ankapita okha ku Manja, kusiya galimoto kumsewu n'kutsika wapansi m'tinjira ta pakati pa nyumba, makina oyezera ali m'manja. Ndinawaperekezako kangapo. Mayiwo ankakhala pamkeka pakhonde, atatsamira khoma, ndipo akationa ankayesetsa kudzikonza chitenje ndi dzanja limodzi. Mawu awo aakulu aja anali atapita, ankalankhula movutikira, mbali imodzi ya pakamwa. Ndipo ulendo uliwonse ankapepesa. Ankati anawavutitsa adokotala, anawabisira, awakhululukire. Adokotala ankangoti tambasulani dzanja, mayi, n'kuyamba kupopa makina mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira. 

Zaka zomalizazi zinthu zinavuta. Mankhwala anakwera mitengo kambirimbiri, ngakhale otchipa aja anasiya kutchipa, ndipo ena ankasowa miyezi. Adokotala, ndi ukalamba wawo, ankayenda okha m'mafamase a mu Limbe ndi m'tauni kusaka kumene kwatsikirako. Odwala anachepa. Ambiri anapita kumakiliniki atsopano a matailosi ndi wailesi yakanema pakhoma, kumene munthu amatuluka ndi jumbo yodzaza. Amene anatsala nafe anali okalamba a shuga ndi BP, anthu amene ankadziwa chifukwa chake akubwera. Mwana wamkazi wa adokotala, a Tiyamike, amene amagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni, ankabwera kudzawachonderera kuti atseke akapume.

"Adadi, mukugwirira ndani kwenikweni? Lendi ya nyumba ino ikuchokera m'penshoni yanu. Amami akudandaula."

"Ndikatseka, anthu awa apita kuti?"

"Kuli zipatala za boma, adadi. Simuli nokha dokotala mu Blantyre muno."

A Tiyamike sankalakwa, ndipo ndimawamvetsa. Koma adokotala ankadziwa zimene a Alufandika anakumana nazo atayesa njira imeneyo nthawi ina adokotala atadwala: kunyamula munthu wakufa ziwalo kukwera naye minibasi, kuima pamzere mpaka masana, kenako n'kuuzidwa kuti mankhwalawo lero kulibe, kaguleni. Mankhwala akakhalapo ndi aulere, inde. Akasowa, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Apa ndiye pali mlandu wanga womaliza ndi malemuwa. Munthu amene ankafunsa aliyense za mwezi wamawa sanakonze kalikonse za mwezi umene iye sadzakhalapo. Za mayi Alufandika sanauze mkazi wake, sanauze mwana wake, sanasiye mawu kwa dokotala mnzake aliyense. Mwina ankachita manyazi kufotokoza chiyambi chake. Mwina, monga amachitira madokotala ambiri, ankaona ngati imfa ndi ya odwala. Mtima wawo unaima m'mawa wina akumanga tayi, ndipo zinathera pomwepo. Maliro atatha ndinawafotokozera a Tiyamike nkhani yonse, osabisa ngakhale mbali yanga. Anamvetsera bwino mpaka misozi inalengeza. Anati pakali pano mutu wawo wadzaza, pali amayi awo oti awasamale, mwini nyumba akufuna makiyi, mankhwala otsala akubwezedwa kumene anagulidwa. Anati tiona. Sindikukayika kuti ananena ndi mtima wabwino, koma ndakhala pazenera nthawi yaitali, tiona ndimamudziwa.

Lolemba lapitali, loyamba la mwezi uno, ndinapita ku Limbe kukapereka makiyi kwa mwini nyumba. Ndinapeza a Alufandika atakhala kumapeto kwa benchi, pamalo pawo pa nthawi zonse, buku la kuchipatala la akazi awo lili pamwendo. Ankadziwa kuti adokotala kulibe, poti anali nawo pamaliro. Nditawafunsa, anati miyendo yangowabweretsa, ndipo mapiritsi kunyumba atsala a mawa okha.

Ndinawatenga kupita nawo ku famase ina kumsewu waukulu. Mtsikana wa pazenera anawerenga bukulo n'kutchula mtengo wa mwezi wathunthu. Ine ntchito yatha, malipiro omaliza sindinalandire onse. Ndinatsegula kachikwama kanga, n'kuyang'anamo, n'kumva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti andipatse a masiku khumi. Mtsikanayo sanadabwe n'komwe. Anawerenga mapiritsi mwaluso, osayang'ana nkhope yanga, monga mmene ndinkachitira ine.

Panja ndinawagwira dzanja a Alufandika.

"Bambo, chonde, musakadule. Amwe lathunthu tsiku lililonse. Masiku khumi asanathe ndipeza njira."

"Chabwino, mayi. Zikomo kwambiri," anatero, akupinda kajumboko mosamala n'kukaika m'thumba la mkati la jekete.

Ndinabwerera ku kiliniki ndekha. Pakhonde masamba anali atadzaza mpaka pansi pa benchi. M'chipinda changa mashelefu anali mbee, pongotsala mizere ya fumbi yosonyeza pamene pankakhala mabokosi, ndi kafungo ka mankhwala kamene sikadzachoka msanga. Zenera langa linali lotseka ndi thabwa. Chikwangwani cha dzina la a Mpaweni anachizula, chili chotsamira khoma, chozondoka. Ndinafika pachitseko cha adokotala, ndipo dzanja linagogoda lokha ndisanaganize. Ndinatsegula. Tebulo anatenga, bedi loyezerapo odwala anatenga, makatani anatenga, ndipo dzuwa linkalowa mpaka pakati pa simenti, pamene miyendo ya mpando wawo inakumba timaenje tinayi. Ndinaima pakhomopo n'kunena mokweza, mawu onse bwinobwino, kuti mayi Alufandika atenga a masiku khumi okha. M'chipindamo munalibe ngakhale chopondapo choti munthu n'kukhalira kuti amve.